Anaika Dzina la Mng'ono Wanga mu Filimu

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Yesu. Ine mukundidziwa, si munthu woyankhula pagulu, ndimakhala kumbuyo uko pafupi ndi khomo chifukwa cha ana. Koma lero ndaimirira chifukwa ndili ndi umboni woti ndichitire, ndipo ndikausunga udzandiwolera m'mimba. Mundipirire ndikamathamanga, mpweya umandithera.

Linali Lachiwiri masana, ndikuchokera kothyola tiyi, dengu lili kumsana, chiperoni chitandinyowetsa thupi lonse. Nthawi imeneyo tinkakhala kumalaini a pa esiteti, nyumba zija zogundana zoti mnzako akatsokomola iwe umamva. Nditakhota kuseri kwa laini yathu ndinapeza ana asonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala. Mwana wanga wamng'ono, Yankho, wa zaka zinayi, atamumanga kumtengo ndi luzi la nthochi, m'manja ndi m'chiuno momwe. Sankalira ayi, ankaseka, iye ankayesa masewera. Mkulu wake, Tamanda, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ataima pamwala, chitsononkho chili pakamwa ngati maiki, akuyankhula ndi mawu amene si ake. Mawu a bambo wamkulu, okhuthala, otafunatafuna. Ankati Filesi wadya nyama ya kumanda, nyama yamukana Filesi, mumangeni Filesi asanaphunzitse ana. Anzake onse akufa nako kuseka.

Abale, Filesi ndi mng'ono wanga, bere limodzi. Ndamupempha ndisanabwere kuno, wandilola kuti ndimutchule. Amayi athu atamwalira ndinamutenga kuti azikhala ndi ine, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwana wanzeru, osati ngati ine amene ndinalekera sitandade faifi. Iye anali mu eyiti, akaweruka ankagulitsa zitumbuwa kumsika. Patapita miyezi ingapo anayamba kusintha. Anasiya kucheza. Ankasamba m'manja, kusamba, kusamba, mpaka khungu kusupuka, sopo wa mlungu wonse kutha tsiku limodzi. Kagalasi kathu ka pakhoma anakaphimba ndi nsalu. Chakudya sankadya pokhapokha ine nditalawa kaye iye akuona. Kenako anandiuza kuti pali munthu amene amaima kumbuyo kwake n'kumamunena. Tsiku lina kumsika anagwetsa beseni la zitumbuwa, n'kuima pakati pa njira akukangana ndi munthu woti palibe amene ankamuona. Anthu anaona, anthu anaseka. Ine ndinkauza aliyense kuti ndi malungo aakulu. Ndinkabisa. Mipeni ndinkaisomeka kudenga, ndipo ndikamapita kumunda kwa tiyi mtima unkatsalira kunyumba.

Ndiye taganizani, ndikumva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa mwana wanga yemwe, mwana woti Filesiyo ankamuluka tsitsi. Ndinamumenya Tamanda, sindibisa, ndinamumenya khofi mpaka chitsononkho chinakagwera uko. Ndinamasula Yankho, luzi litamusiyira mizere m'manja. Nditawalowetsa m'nyumba ndinamufunsa Tamanda kuti mawu onyansawa wawatola kuti. Akulira anandiuza kuti ndi mu filimu. Anati kumsika kuli filimu ya anti Filesi, yakhala ikuonetsedwa kuyambira Lamulungu, ndipo akaweruka kusukulu amadzera komweko n'kumasuzumira pa ming'alu ya matabwa.

Kwa inu amene simunalowemo, Mulungu akusungeni choncho, ndikuuzeni mmene zimakhalira. Kumsika kuja kuli chisakasa cha matabwa choonetsera vidiyo. Mafilimu ake ndi a Chizungu, ndiye pamakhala bambo wina wogwira maiki. Amatsitsa mawu a azungu aja, iye n'kumayankhula Chichewa m'malo mwa aliyense, mwamuna iye, mkazi iye, ngakhale galu iye yemweyo. Ndipo amathiramo za kuno. Mzungu akakhala patebulo amati akudya kalongonda, akakwera galimoto amati akupita ku Muloza. Anthu amazikonda zimenezo. Sipika imodzi anaipachika panja pamtengo kuti izikoka anthu, ndiye zimene akunena m'katimo zimamveka msika wonse, kwa ogulitsa tomato, kwa atelala, mpaka pa siteji ya akabaza. Dzina la mng'ono wanga linkamveka pamenepo katatu pa tsiku, ine ndili kumunda osadziwa kanthu.

Lachinayi zinafika pakhomo. Akazi a akapitawo athu anabwera ndi amayi ena atatu, osaodira n'komwe. Anati mwana wawo wadzuka wotopa, mapazi ali ndi matope, ndipo atamupanikiza waulula kuti Filesi amamutenga pa lichero pamodzi ndi ana anga awiri ndi ana ena a palaini. Anabwera naye mwanayo kuti anene, ndimve ndekha. Abale, mwanayo ankanena mawu omwe aja, omwe aja a Tamanda pansi pa mtengo, nyama ya kumanda, nyama yamukana. Ngakhale katafunidwe ka mawu kanali komweko. Matope? Chiperoni chinali chitagwa mlungu wonse, mwana wa ndani kumalaini amene analibe matope? Koma ndani akanandimvera. Madzulo ake nditapita kumpopi anandikankhira ndowa yanga kumbali. Mayi wina woti tinkabwerekana mchere anakokera mwana wake kumbuyo Yankho atamuyandikira.

Anthu a palaini anali atatumiza kale uthenga kwa achimwene anga aakulu, amene amanyamula katundu pa njinga ku Muloza. Mukudziwa mwambo wathu, ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume awo. Anafika tsiku lomwelo, thukuta lili kamukamu, anakhala ndi azibambo a palaini, ine sanandiitane. Atatuluka anangondiuza zimene agamula. Anati Loweruka masana kubwera sing'anga wa ku Milange, ana onse otchulidwa amwetsedwa mankhwala osanzitsa kuti zimene anadyetsedwa zituluke, ndipo Filesi amangidwa kaye mpaka sing'angayo amuone.

Mankhwala amenewo ine ndimawadziwa. Ndili mtsikana kumudzi kwathu anamwetsa kamnyamata ka anansi athu, ine ndikuona ndi maso angawa. Kanasanza mpaka magazi, kanagona masiku, ndipo sikanakhalenso bwinobwino. Yankho wanga ndi wochepa thupi, anabadwa masiku asanakwane. Ndinayang'ana bambo a Tamanda kuti mwina anenapo kanthu. Iwo maso pansi, anati mbumba ili ndi mwini wake, iwo ndi mkamwini chabe, komanso tikakana akapitawo atichotsetsa nyumba. Basi, anatuluka kukakonza tcheni cha njinga choti sichinawonongeke.

Apa ndiulule tchimo langa pamaso panu. Mbali ina ya mtima wanga inkakhulupirira. Ndinkamuyang'ana Filesi atakhala pakona akunong'ona yekha, ndinkati bwanji ngati n'zoona? Bwanji ngati azungu anajambuladi zinthu zoterezi, ndipo bambo wa maiki uja, poti amamva Chizungu, akungonena zimene zilimo? Ine Chizungu changa chimathera pa moni. Mwana wa amayi anga, ndinkamuchitira nyansi. Ndikakumbuka zimenezi ndimadzinyansa ndekha.

Lachisanu sindinapite kuntchito. Ndinati ndisanapereke ana anga, ndikaone ndekha chinthu chimene chawaweruza. Ana ndinawasiya kwa mayi wina wachisilamu wogulitsa nsalu, yekhayo amene anali asanasiye kundiyankha moni. Ndinavala duku mpaka m'maso n'kupita kuchisakasa kuja dzuwa lili pamutu. Pakhomo panali bolodi lolembedwa ndi choko. Kuwerenga ndimatha pang'onopang'ono, ndinawerenga. Analemba dzina la mng'ono wanga, pansi pake n'kulemba kuti mfiti ya kumalaini.

M'katimo, abale, fungo. Thukuta, fodya, kachasu, mikodzo ya pakona, makoko a nzimbe otafuna ali mbwee pansi. Mdima masana. Mabenchi odzaza azibambo, ena ndevu zaimvi, ena atavala yunifolomu ya kuntchito. Ndipo ndinaonamo nkhope imodzi ya mumpingo muno. Musatembenuke, sinditchula, mwini wake akudziwa. Anali pa benchi yachiwiri, ankaseka mpaka kumenya ntchafu. Ine ndinakhala kumapeto, pafupi ndi khomo.

Filimu inayamba. Munalibe ndewu, munalibe mfuti. Munali mtsikana wachizungu wa msinkhu wa Filesi, m'nyumba yaikulu, ali ndi amayi ake. Atangooneka, bambo wa maiki uja anakuwa kuti uyo Filesi, wadzuka mochedwa poti anali kuulendo, chisakasa chonse phwete. Mtsikana uja anapita pampopi wa m'nyumba n'kuyamba kusamba m'manja. Kusamba, kusamba, manja kufiira. Bambo uja ankati akutsuka magazi a mwana wa akapitawo. Kenako mtsikana uja anatenga nsalu n'kuphimba galasi. Ine sindinauzepo munthu aliyense za galasi lathu. Ndinati basi, n'zoona, ana anga apita.

Sindikudziwa chimene chinandigwira, ine ndimati ndi Mzimu Woyera. Mawu a bambo uja ankandichititsa mseru, ndiye ndinatseka makutu ndi zala, mwamphamvu, kuti ndisasanze pa anthu. Nditatseka choncho ndinatsala ndi maso okha. Ndipo maso anayamba kundiuza nkhani ina.

Munali mwamuna wina wovala zakuda amene ankaima pakona ya chipinda. Ndinali nditamva kale bambo wa maiki akuti ameneyo ndiye mkulu wa afiti. Koma ine ndinaona ichi. Chithunzi chikakhala kumbali ya mtsikana, mwamuna uja alipo. Amayi ake akatembenuka kuyang'ana pakona pomwepo, palibe munthu, pali mpando ndi malaya basi. Anachita choncho kangapo, mwadala, ngati akundikoka khutu kuti taona. Ndinazindikira kuti ojambulawo akutilowetsa m'mutu mwa mwanayo kuti tione zimene iye amaona, kenako n'kutitulutsa kuti tione kuti m'chipindamo mulibe kanthu. Munthuyo sanali m'nyumba, anali m'mutu mwake. Ndipo nkhope ya mtsikanayo sinali ya munthu amene akukondwa ndi zimene akuchita. Inali nkhope ya mwana amene akuthamangitsidwa. Ine nkhope imeneyo ndinkadya nayo mbale imodzi tsiku lililonse, koma ndinali ndisanaiyang'anepo bwino chifukwa cha mantha.

Panafika poti mtsikana uja wadzitsekera m'chipinda. Amayi ake anagogoda, anagogoda, kenako anangokhala pansi panja pa chitseko, mzimayi wamkulu wovala bwino, pansi. Analowetsa zala zake pansi pa chitseko n'kungozisiya pomwepo. Patapita nthawi zala za mwana zinabwera kudzakhudza. Apo ndinatsegula makutu, ndinati mwina pano pokha anena zoona. Mukudziwa zimene ananena? Anasintha mawu kukhala a nkhalamba n'kunena kuti Filesi mwanawe, ndipatsireko kachiwindi pansi pomwepa. Anthu anagwa m'mabenchi.

Chakumapeto anabwera anthu kudzamutenga mtsikana uja. Bambo wa maiki ankati apolisi amugwira, akupita naye kundende ya afiti. Koma abale, ine ndabereka kawiri, chipatala ndimachidziwa. Ndinaona bedi la matayala. Ndinaona mayi wovala zoyera, kawotchi kali pachifuwa. Ndinaona chija amamanga pamkono n'kumapopa, ndi kakapu ka mapiritsi. Ndende yanji imene amakufunditsa bulangete n'kukusisita pamutu? Ndipo potsiriza mtsikana uja anali pabenchi panja ndi amayi ake, tsitsi lalifupi, wowonda, osaseka. Amayi ake anamupatsa buledi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analuma pang'ono yekha, popanda wina kulawa. Filimu n'kuthera pomwepo. Anthu anadandaula kuti yatha mopanda mchere, ankafuna amuwotche.

Ndinadikira panja mpaka onse atatuluka. Bambo uja anatuluka pomaliza, munthu wamkulu ndithu, wa mimba yake, mphete ya ukwati ili pachala, akudya chinangwa chokazinga cha m'pepala. Ine amene ndimaopa ngakhale kufunsa mtengo wa sopo ndinamuimirira kutsogolo. Ndinati, "Bambo, pepani. Mayi uja atakhala pansi pachitseko paja, kwenikweni amati chiyani?"

Anandiyang'ana, n'kuseka, mafuta ali pamilomo. Anati, "Mayi, Chizungu cha m'mphuno chimene chija angachimve ndani? Ine ndimangoona chithunzi n'kuthiramo mchere."

Ndinamufunsa za dzina. Sanachite manyazi n'komwe. Anandifotokozera ngati akundiphunzitsa ntchito. Anati chimbale cha filimuyo anachigula chili m'chikuto cha filimu ya karate, atafika nacho anapeza kuti ndi cha mtsikana wongosamba m'manja, tsiku loyamba anthu anagona, ena anatuluka. Ndiye anakumbukira kamtsikana kopenga kaja kanagwetsa zitumbuwa, anati dzina lodziwika limadzutsa anthu, ndipo taonani lero mabenchi osakwana. Kenako anandifunsa ngati ndikukadziwa kamtsikanako. Ndinati ndi mng'ono wanga, ndipo mawa ana anga akumwetsedwa mankhwala chifukwa cha pakamwa panu. Anasiya kutafuna pang'ono, n'kunena kuti iye sanatume munthu, anthu a kumalaini ndi osaphunzira, samadziwa kusiyanitsa filimu ndi zenizeni. Anapitiriza kudya.

Ndinazungulira kuseri kwa chisakasa n'kusanza. Ndinasanza zenizeni, abale, mpaka misozi. Munthu wosamva n'chimodzi chomwe cha zimene akumasulira, n'kutenga mwana wamasiye wodwala kumusandutsa ndiwo. Ndipo laini yonse, akuluakulu a ndevu zawo, achimwene anga, ngakhale ine, tonse kugamula mlandu wa ana pa mawu a munthu ameneyo.

Loweruka kutangocha, anthu asanayambe kupita kumpopi, ndinamanga kamtolo, mapoto awiri, ufa pang'ono, mabuku a kuchipatala. Bambo a Tamanda anandiona. Sanandiletse, sanandithandize, anangotembenukira kukhoma. Ndinapita kwa Filesi pakona pake n'kumuuza kuti tikupita kuchipatala, ndaona mtsikana wina wodwala ngati iye ndipo anamuthandiza. Kenako anandifunsa, mawu ake enieni aja amene ndinali nditawasowa.

"Achemwali, inunso mumandiopa?"

Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. Ndinati, "Eya, ndimakuopa."

Iye anati, "Inenso ndimadziopa." Anaimirira yekha n'kuvala masilipasi.

Tinadutsa m'munda wa tiyi kuti tisadzere kumaso kwa malaini, Yankho kumsana, Tamanda ndamugwira dzanja, Filesi patsogolo kuti ndizimuona. Mame anatinyowetsa mpaka m'chiuno. Kumsewu tinapeza akabaza awiri, mmodzi atamuzindikira Filesi anakana, anati njinga yake ingaphwe. Winayo anaitana mnzake, tinakwera.

Kuchipatala adokotala anatilowetsa m'kachipinda. Ine ndinayamba ndi kupepesa, ndinati mwina tabwera malo olakwika. Iwo anati ndikhale pansi. Anamufunsa Filesi mafunso ambiri, modekha, za tulo, za chakudya, za munthu uja woima kumbuyo, za imfa ya amayi. Sanaseke ngakhale kamodzi. Atatha anandiuza kuti awa ndi matenda, mutu umadwala monga mmene chifuwa chimadwalira, ndipo mankhwala ake alipo. Anati sapatsirana, ndipo palibe chimene wadyetsa ana. Koma sanandinamize kuti zonse zili bwino. Anati ndinachita bwino kubisa mipeni, ndipo mpaka mankhwala atakhazikika ndisamamusiye yekha ndi ana aang'ono, osati poti ndi woipa, koma poti mantha akamugwira sadziwa chimene akuchita. Anamugoneka. Ine ndi ana tinapita kuchisakasa cha odikirira odwala, kumene amayi amaphikira.

Za Filesi ndinene pano. Anakhala m'chipatala masabata awiri. Lero papita miyezi isanu ndi iwiri. Sindikuuzani kuti wachira ngati kuzimitsa nyali, ayi. Amamwa mapiritsi tsiku lililonse, amamugonetsa kwambiri, wanenepa, kusukulu sanabwerere. Masiku ena amakhala chete tsiku lonse. Koma amadya yekha, munthu uja akuti amamveka patali ndipo masiku ambiri samveka n'komwe, ndipo dzana anamuluka Tamanda tsitsi, ili mukulionali. Kumalaini sitinabwerereko, tili kuno kufupi ndi Chinakanaka m'kanyumba ka chipinda chimodzi, bambo a Tamanda anatitsatira patapita mwezi, mphasa zili pa njinga.

Koma ndadumpha, ndibwerere ku Loweruka lomwe lija, chifukwa pamenepo ndi pamene Mulungu anandigwira dzanja. Cha m'ma fili koloko masana, ndikusonkha moto kuchisakasa kuja, ndinaona achimwene akulowa pageti akukankha njinga. Wakabaza wokana uja ndiye anawauza. Ana ndinawakokera kumbuyo kwanga. Amayi ena odikirira odwala anali pomwepo, ena akutsuka mbale, ena akusenda chinangwa.

Sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Anakhala pa njerwa, anapukuta thukuta, anayankhula ngati munthu wotopa. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu, sing'anga wabwera kuchokera kutali n'kupeza nyumba yopanda anthu, ana enawo amwa kale. Anati iwo sakudana ndi ana anga, ndi magazi awo, akufuna kuwayeretsera dzina kuti azitha kusewera ndi anzawo. Kenako anapisa m'jekete n'kutulutsa kabotolo kotsekedwa ndi chitsononkho ndi pulasitiki. Munali madzi obiriwira ngati a m'chithaphwi, zinyenyeswa zikuyandama, fungo lake linandipeza ndili poteropo. Anati sing'anga wawapatsira, mwana aliyense supuni imodzi yokha, iwo akanena kumalaini kuti amwa, nkhani ithe. Anamuitana Yankho, bwera kwa amalume. Ndipo Yankho, poti amawakonda, anayamba kutuluka kumbuyo kwanga.

Abale, ine chibadwire ndinali ndisanawayankhepo achimwene. Ndi amene anandiperekeza ku ukwati, ndi amene anaika amayi m'manda. Ndinamubweza Yankho ndi mwendo, ndinagwada monga mwa ulemu, ndinatambasula manja awiri ngati ndikulandira. Anandipatsa botolo lija, ankayesa ndagonja. Ndinalitsegula n'kuwabwezera pafupi ndi pakamwa pawo.

Ndinati, "Achimwene, mbumba ndi yanu. Yambani inu kumwa, theka lokha, tikhale pano mpaka dzuwa lipendeke. Mukakhala bwino, ana amwa."

Analiyang'ana botolo lija. Amayi onse aja anasiya zimene ankachita. Achimwene anati mankhwalawo si a akuluakulu. Ndinati ngati angapweteke munthu wonyamula matumba atatu pa njinga, nanga uyu wa zaka zinayi? Ndinadikira, botolo lili m'manja. Sanalandire.

Ndiye ndinaimirira, ndinayenda mpaka pa ngalande ya madzi otsukira mbale, ndinakhuthula lonse iwo akuona, ndinatsukuluza botolo n'kukhuthulanso. Ndinawauza kuti akanene kumalaini chilichonse chimene akufuna, kuti ndine mfiti, kuti ndine wamwano, koma pakamwa pa ana anga sipadzalowa kanthu kochokera m'manja mwa munthu amene iye mwini akukaopa. Anakwera njinga osatsanzika. Mpaka lero sandiyankha moni, ndipo zimandiwawa, muwapempherere. Masabata awiri onse aja ana anga sanachoke pamaso panga, pophika ali pambali, popita kuwodi ndawagwira manja, ndipo sanalandire ngakhale nthochi kwa munthu wochokera kumalaini.

Ana enawo amene anamwa ndinamva kuti anadwala masiku angapo, Mulungu anawachitira chifundo, ali moyo. Anga sanalawe ngakhale dontho. Ndi awo akhala apowo, Tamanda ndi Yankho, taimirirani anthu akuoneni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatseka makutu anga n'kutsegula maso anga, ine wa sitandade faifi. Ndikuthokoza amayi aja a kuchisakasa cha kuchipatala amene anandigawira nkhuni osandifunsa mafunso. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, ine mawu andithera, ndithandizeni inu. Amene ali ndi mwana amugwire dzanja, tiimirire tonse, mukondwere nane, timuimbire Yesu amene wandisungira anga awiriwa. Amen.